Kosi ya opaleshoni ya phazi ndi ma insole: mmene zikuyendera temu ino

Sabata 1

Tayamba. Ophunzira alipo 12, onse a chaka chachitatu cha podiatry (maphunziro a matenda ndi chisamaliro cha mapazi), ndipo temu ino ndasintha kaphunzitsidwe nde ndati ndizilemba sabata iliyonse kuti pomaliza ndidzaone ngati kusinthako kwathandiza. Zaka zapitazi opaleshoni ya zikhadabo timaiphunzitsa payokha Lolemba, ma insole (zoika mkati mwa nsapato pansi pa phazi) payokha Lachinayi, nde ana amazitenga ngati maphunziro awiri osadziwana n'komwe, Lolemba onse amafika molawirira maso ali gwa poti kuli mpeni ndi singano, Lachinayi theka likuyasamula. Chaka chino ndaphatikiza. Wophunzira aliyense azikhala ndi odwala akeake kuyambira tsiku loyamba kuwaona mpaka chilonda chitapola kapena insole itakhazikika mu nsapato. Chomwe ndikufuna achione okha ndi chakuti kaya udule kaya uike kanthu mu nsapato, funso ukuyankhalo ndi limodzi, thupi la munthuyu likutsamira pati ndipo ifeyo tikufuna lizitsamira pati.

Tsiku loyamba sitinakhudze chida chilichonse. Ndinawauza avule nsapato ndi masokosi akhale awiriawiri, wina agwire phazi la mnzake. Papepala onse amadziwa kuti phazi lili ndi mafupa 26, a tarsal (a kuchidendene ndi pakati pa phazi) 7, a metatarsal (aatali opita kuzala) 5, a m'zala 14, amayankha ngati nyimbo. Koma nditati ndionetseni ndi chala chanu pomwe pali navicular, kenako tsinde la metatarsal yachisanu, kunali zii, ambiri amangosisita khungu akuyang'ana ine. Tinatha ola lathunthu tikungopapasa n'kumalemba ndi cholembera pakhungu mpaka aliyense atapeza yekha.

Kenako nsapato. Aliyense atembenuze yake aone komwe yadyeka. Mtsikana wina anadabwa kuona kuti yakumanja yatha kwambiri chamkati kutsogolo pomwe yakumanzere ili bwinobwino, akuti zaka zonsezi samadziwa. Ndawauza kuti kuyambira pano nsapato ya wodwala izilembedwa mu fayilo ngati mmene timalembera mankhwala omwe akumwa.

Sabata 2

Lamulo langa ndi limodzi ndipo ndalibwereza mpaka atopa nalo, phazi lomwe sunaliyeze kayendedwe ka magazi sulidula, ngakhale kachikhadabo kochepa bwanji. Chala chomwe magazi safika bwino ukachidula chilonda sichipola, chimada, mapeto ake munthu anabwera ndi chikhadabo chobaya amadzataya chala chonse.

Nde sabata yonse inali yoyeza basi. Kupeza pomwe mitsempha ya magazi ikugunda, dorsalis pedis pamwamba pa phazi pambali pa mtsempha wokweza chala chachikulu, posterior tibial kuseri kwa kakolo chamkati, kenako Doppler, kamakina komvetsera mmene magazi akuyendera mu mtsempha. Makina tili nawo awiri okha choncho amadikirana. Ndimafuna azolowere khutu kaye, mtsempha wabwino umamveka katatu pa kugunda kumodzi, wodwala umangoti fuu fuu kamodzi mofooka. ABPI, nambala yoonetsa ngati magazi akufika bwino kumapazi, anaigwira msanga poti ndi masamu, BP ya pa kakolo kugawa ndi ya pa mkono, pakati pa 0.9 ndi 1.3 zili bwino, pansi pa 0.9 pali vuto. Pomwe anasokonezeka ndi pa nambala yopitirira 1.3, mnyamata wina analemba kuti magazi akuyenda bwino kwambiri, chonsecho kwa munthu wa shuga wa zaka zambiri nambala yokwera chonchi imatanthauza kuti mitsempha yauma, siikufinyika ndi lamba wa BP uja, nde nambalayo ikunama.

Pa monofilament ya 10 g, kaulusi koyezera ngati phazi likumva kukhudzidwa, pali kanthu komwe mabuku satsindika. Agogo ena anabwera Lachitatu, wophunzira akumabaya n'kufunsa kuti agogo mukumva, iwo eya mwanangu, apa mukumva, eya mwanangu, ponseponse eya. Ndinamuuza abwereze koma nthawi ino afunse osakhudza phazi n'komwe. Agogo aja anati eya mwanangu. Sikuti amanama mwadala, amangofuna asamukhumudwitse mwana yemwe akuoneka kuti akuyesetsa. Pano tagwirizana kuti wodwala atsinzine, timuuze kamodzi kokha kuti mukamva kanthu nenani, kenako ife duu, kukanikiza mpaka kaulusiko kapindike, masekondi awiri, kuchotsa, ndipo osabaya pa khungu lokhuthala. Titabwereza motero zinapezeka kuti pansi pa chala chachikulu ndi pamutu pa metatarsal yoyamba agogowo samamva chilichonse. Tuning fork ya 128 Hz inatsimikiza zomwezo.

Sabata 3

Jakisoni wochititsa dzanzi. Tisanatsegule botolo aliyense amayenera kuwerengetsa mulingo pamaso panga popanda foni. Lidocaine wopanda adrenaline timagwiritsa malire a 3 mg pa kilogalamu iliyonse, wa 2% ali ndi 20 mg mu mililita imodzi, nde munthu wa makilogalamu 60 malire ake ndi 180 mg, yomwe ndi mamililita 9. Chala chimodzi sichifuna n'komwe theka la zimenezo, koma ndikufuna masamuwa akhale m'magazi chifukwa tsiku lina adzakumana ndi mwana wochepa thupi wofunika zala ziwiri. Anthu 4 analakwitsa ulendo woyamba, onse pa malo amodzi, kusintha peresenti kupita ku mamiligalamu. Abwereza mpaka akhoza.

Kubayako tayamba pa zala za mphira. Mbali zonse ziwiri za tsinde la chala, kulowa kuchokera pamwamba, kukoka kaye sirinji kuona ngati mukubwera magazi, kenako kuthira pang'onopang'ono. Vuto lalikulu ndi changu. Akangobaya akufuna ayambe pompo, pomwe mankhwala amafuna maminitsi angapo kuti agwire, nde ndimawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, khalani pansi, chezani ndi wodwala, kenako yesani nsonga ya chala mbali zonse musanagwire chida. Ndipo muzimuuza munthu zoona, kuti kukankha ndi kukoka azimva koma kupweteka ayi, chifukwa ukamuuza kuti simumva chilichonse akangomva kukoka amadzidzimuka n'kukoka phazi.

Sabata 4

Autoclave, yophera tizilombo pa zida za opaleshoni, inafa Lolemba ndipo okonza anabwera Lachisanu, nde odwala onse a opaleshoni tinawasuntha. Zinandiwawa chifukwa ena anali atapempha kale tchuthi kuntchito. Sabatayi tinaigwiritsa ntchito pa kusoka pa timapadi ta mphira, kuvala magolovesi osakhudza kunja kwake, ndi kuwerenga kapepala ka autoclave kotsimikiza kuti yafikadi 134°C kwa maminitsi 3. Tinadutsanso mu checklist ya WHO ya 2008 n'kupanga yathu yaifupi ya opaleshoni ya zikhadabo: dzina, phazi liti, chala chiti, mbali iti, fomu yasainidwa, pali mankhwala omwe thupi lake limadana nawo, ngati ndi mayi ali woyembekezera kapena ayi poti phenol, mankhwala ophera muzu wa chikhadabo, sitigwiritsa pamenepo.

Sabata 5

Opaleshoni zoyamba. Ndilemba zambiri pano chifukwa sabatayi sindidzaiiwala.

Woyamba anali mnyamata wa zaka 17 wosewera mpira, anabwera ndi mayi ake, chikhadabo cha chala chachikulu chakumanja chinalowa m'mnofu chamkati, pambali patatuluka kanyama kofiira kongokhudza magazi chuu. Miyezi yambiri amangochidula pakona yekha, nde kudula kulikonse kumasiya kansonga kobisika komwe kamabaya mozama kuposa kale. Anachita ndi mtsikana uja wa nsapato yodyeka mbali imodzi. Manja amanjenjemera pobaya koma jakisoni anagwira bwino. Anatsuka, anafunditsa nsalu, anafinya magazi kubwerera kumbuyo n'kumanga tourniquet, kalamba koletsa magazi kulowa m'chala, pa tsinde la chala, nthawi tinailemba pa bolodi. Anamasula mbali ya chikhadabo ndi elevator, kenako Thwaites, chida chodulira chikhadabo, kudula molunjika kupita kumbuyo. Apa mpomwe ndinamuimitsa, chifukwa dzanja limapendekera kunja, ndipo ukadula mopendekera umasiya kachidutswa pansi pa khungu la kumbuyo komwe sukuona, kameneko ndi komwe kamadzamera ngati minga pakatha miyezi. Anawongola, anamalizitsa ndi Beaver blade mpaka kumva kuti yafika kumapeto, anagwira ndi chopanira chotchedwa haemostat n'kupotoza chopita pakati pa chikhadabo, kachidutswa kanatuluka kathunthu. Ndinamuuza akaike pa gozi akayang'ane tsinde lake, losalala lofewa ngati nthenga, popanda pothyoka. Mayi ake a mnyamatayo anasuzumira amvekere kanthu kakang'ono chonchi ndi komwe kamamugonetsa mwana wanga akubuula.

Phenol timagwiritsa wa 80%, katatu, miniti imodzi ulendo uliwonse, vaseline pakhungu lozungulira kuti asapse. Chofunika kwambiri ndi chakuti pamalopo pakhale pouma chifukwa magazi amamufooketsa phenol, nde ngati tourniquet sinagwire bwino ungopaka pachabe, muzu sufa. Atamaliza anamasula tourniquet, tonse tinaima kuyang'ana chala chikuchoka poyera kubwerera kufiira, kenako bandeji.

Wachitatu tsiku lomwelo mpomwe mtima wanga unaima. Wophunzira wina, waluso ndithu, manja ake okhazikika kuposa anzake onse, anamaliza phenol bwinobwino, akucheza ndi bambo omwe amawachitawo, anatenga gozi n'kuyamba kukulunga chala tourniquet ikadali pomwepo. Inali ya mtundu wofanana ndi khungu, yaing'ono, gozi atangodutsa kamodzi sinaonekenso. Ndinaona chifukwa maso anga anali pa bolodi pomwe nthawi yomasula inali isanalembedwe. Ndinangoti imani kaye, chotsani gozi. Atayiona nkhope inasintha, thukuta kamukamu. Bambowo sanadziwe kanthu pa nthawiyo koma tinawafotokozera pambuyo, ndipo chala sichinavulale poti maminitsi anali akadali ochepa. Koma tangoganizani, chala chili ndi dzanzi, munthu wapita kunyumba, sakumva kupweteka kwa maola angapo, pomwe akudzamasula bandeji mawa lake chala chada. Zimenezi zinachitikapo kwa anthu enieni, mpaka ku UK bungwe loona za chitetezo cha odwala la NPSA linatulutsa chenjezo mu 2009 pa nkhani ya ma tourniquet oiwalika pa zala, n'kuletsanso zodula chala cha golovesi kuti chikhale tourniquet.

Mwanayo sindinamukalipire, anali atadzikalipira kale yekha. Cholakwika chinalinso changa chifukwa pa checklist yathu ija nkhani ya tourniquet ndinaiika ngati mzere wongochonga pomaliza. Tasintha. Tikugwiritsa zokhala ndi kachizindikiro kowala kolendewera, wochita opaleshoni azinena mokweza kuti tourniquet yachoka, womuthandiza ayankhe kuti ndaiona, iikidwe mu thireyi, ndipo gozi satsegulidwa mu paketi mpaka zimenezi zitachitika.

Sabata 6

Tabwerera ku kayendedwe ka phazi. Ndinayamba ndi Merton Root, poti zambiri zomwe timachita popanga ma orthotic (ma insole othandiza kayendedwe ka phazi) zinachokera kwa iye ndi anzake Orien ndi Weed m'buku lawo la 1977, nkhani ya subtalar neutral, kuti pali malo apakatikati pomwe phazi silinapendekere mkati kapena kunja ndipo cast, chikombole cha phazi chopangira insole, tiziitenga pamenepo. Ana amaikonda chifukwa ili ndi madigiri, ukayeza n'kupeza nambala umamva ngati wagwira chenicheni. Nde ndinawapatsa phazi limodzi, la mnzawo, aliyense alembe mzere wogawa chidendene pakati n'kuyeza payekha osaonetsa anzake. Titalemba mayankho pa bolodi anali osiyanasiyana, ena kusiyana madigiri ochuluka kuposa omwe akanalemba pa oda ya insole. Kunali phokoso, aliyense akuti wolondola ndi iyeyo.

Apa mpomwe ndinabweretsa maganizo a McPoil ndi Hunt a 1995, akuti m'malo mothamangitsa phazi kuti lifanane ndi chithunzi cha m'buku, peza kaye kuti chomwe chikupweteka ndi chiyani, chikukokedwa kapena kupanikizidwa ndi chiyani, nde uchepetse katundu pamenepo kuti chipole. Ineyo ndimatsamira kumeneku. Mapazi ambiri omwe buku lingawatche olakwika eni ake amayenda nawo moyo wonse osadandaula. Koma Root sitimutaya, katengedwe ka cast ndi chilankhulo chonse tikugwiritsa ntchito ndi chake. Tinaonanso windlass ya Hicks ya 1954 pochita Jack's test, munthu ataimirira ukakweza chala chachikulu arch (pakati pa phazi pamene sipagunda pansi) imakwera yokha chifukwa plantar fascia (chingwe cholimba cha pansi pa phazi kuchokera kuchidendene kufika kuzala) yakokeka, ndi Foot Posture Index ya Redmond yomwe imachokera pa -12 kufika +12, kuti akamalemba mu fayilo asamangoti phazi lophwatalala.

Ma cast a pulasitala atuluka oipa ambiri, sizodabwitsa. Wodwala akafuna kukuthandiza amalimbitsa mwendo, phazi limapotokera mkati, cast imatuluka ndi arch yaitali yabodza. Ndawaphunzitsa kuika dzanja kutsogolo kwa kakolo, ukamva mtsempha wa tibialis anterior watukuka dziwa kuti munthu sanamasuke, muchezetse kaye. Scanner ndi foam box tiziona sabata yamawa, koma ndikufuna pulasitala ayambe chifukwa ndi yomwe imakakamiza dzanja kugwira phazi.

Sabata 7

Wekishopu. Fumbi, fungo la guluu, phokoso la grinder. Masiki ndi magalasi palibe kukambirana, tsitsi lalitali limangidwe. Pulasitiki ya polypropylene ya mamilimita 3 mu uvuni mpaka iyambe kuonekera ngati galasi, kuiponya pa chikombole, vacuum press, kudikira izizire, kudula, kupala. Awiri anaichotsa isanazizire nde inapindika. EVA, yomwe ndi yofewa ngati mphira, anaikonda poti imapalika mosavuta, mpaka ena anapala mopitirira n'kutsala ndi kanthu kopyapyala kosagwira ntchito.

Koma phunziro la sabata ino linabwera ndi mayi ena omwe amagwira ntchito yoimirira tsiku lonse, vuto lawo chidendene, m'mawa akangoponda pansi koyamba ngati aponda msomali, akayendayenda kumachepa, madzulo kumabweranso. Wophunzira wawo anawapangira insole yokongola zedi, yolimba, arch yokwera bwino, ineyo ndinaiona ndisanaipereke ndipo ndinavomera. Patatha masiku 5 anabwera nayo ili m'chikwama. Amvekere pepani aphunzitsi, mwanayu anayesetsa koma chinthuchi chikundilasa. Titayang'ana pansi pa phazi panali mzere wofiira motsatira fascia. Ndinamuuza mwanayo akweze chala chachikulu cha mayiwo n'kupapasa, fascia inatukuka ngati chingwe cha uta, nde nthawi iliyonse akamanyamula chidendene poyenda chingwecho chimakhula pa pulasitiki yolimba. Cast imatengedwa munthu atagona, zala zili phee, choncho chingwechi sichioneka mu cast. Chachiwiri, insole amaiika pamwamba pa kansalu kakale ka mu nsapato, phazi n'kumapanikizika. Chachitatu, palibe anawauza kuti tsiku loyamba avale ola limodzi lokha n'kumawonjezera tsiku ndi tsiku, iwo anavala shifiti yonse.

Zinthu zitatu zonsezi palibe chokhudza madigiri. Mwanayo anapala kangalande motsatira fascia, anatsitsa arch pang'ono, anaphimba ndi kasiponji kofewa kotchedwa Poron, anachotsa kansalu kakale, anawaonetsa kawongoledwe ka katumba m'mawa ndi madzulo. Ndinauzanso kalasi yonse kuti pa ululu wa chidendene ngati uwu nthawi zambiri insole yopangidwa kale, ukaisankha bwino n'kuikonza pang'ono, imathandiza mofanana ndi yopangira munthu payekha, nde asamathamangire pulasitala pongofuna kuonetsa luso.

Met dome, kapilo kakang'ono komatidwa pa insole chakutsogolo, nayonso yavuta. Pafupifupi onse amaiika pansi penipeni pa mitu ya metatarsal pomwe pakupwetekapo, chonsecho imayenera kukhala kumbuyo kwake pang'ono kuti inyamule katundu asanafike pamitupo. Njira yomwe yathandiza ndi kupaka inki pa malo opwetekawo, munthu aponde pa insole, chizindikiro chitsale, dome ikhale kumbuyo kwa chizindikirocho.

Sabata 8

Kiliniki ya mapazi a anthu a shuga. Bambo ena analowa akuyenda bwinobwino osatsimphina, akuseka, atavula sokosi pansi pa mutu wa metatarsal yoyamba panali khungu lokhuthala lokhala ndi kadontho kakuda pakati. Wophunzira anayamba kupala ndi scalpel, blade 10, pang'onopang'ono, khungu likuchoka ngati makungwa, kenaka pansi pake panatseguka chilonda chozungulira chonyowa. Anaima n'kundiyang'ana ngati walakwitsa iyeyo. Ndinamuuza kuti chilondacho chinalipo kale, iye wangochivundukula, ndipo chikanakhala chobisika chikanapitiriza kudya mkati. Tinalowetsa probe, sinagunde fupa, magazi akuyenda bwino, mafinya palibe.

Nde ndinafunsa kalasi kuti tichite chiyani. Mayankho onse anali a mankhwala opaka ndi mitundu ya ma dressing. Palibe anatchula zoti bambowa akachoka pano akaponda pachilonda pomwepo kambirimbiri tsiku lisanathe osamva kanthu. Chilonda chotere chimapola ukachichotsera katundu. N'chifukwa chake malangizo a IWGDF, gulu la padziko lonse loona za mapazi a anthu a shuga, amaika patsogolo chinthu chofika m'munsi mwa bondo chomwe wodwala sangavule yekha, monga total contact cast. Njirayi inatchuka ndi Paul Brand, yemwe anagwira ntchito ndi odwala khate ku Vellore ku India kenako ku Carville ku America, ndipo iye ndi amene anaonetsa kuti zilonda za mapazi opanda ululu zimabwera chifukwa cha kuponda mobwerezabwereza pamalo amodzi, osati kuti mnofu wa anthuwo ndi woola. Bambowa cast anaikana chifukwa cha ntchito yawo yoyendetsa galimoto, nde tinakambirana nawo nthawi yaitali n'kugwirizana pa nsapato yapadera yovula ndi felt yodula ngati U kuzungulira chilonda, m'mbali mwake mopalidwa motsetsereka kuti isapange chilonda china. Si njira yoposa zonse ndipo ndinawauza choncho pamaso pa ophunzira.

Ndawachenjezanso za Charcot. Phazi la munthu wa shuga lofiira, lotentha, lotupa, popanda chilonda, lotentha kuposa linzake ndi madigiri opitirira 2, musalipatse mankhwala n'kulitumiza kunyumba kuti ndi kutupa wamba. Asaliponde, ekisire, atumizidwe tsiku lomwelo, chifukwa akapitiriza kuliyendera mafupa apakati amagumuka phazi n'kusanduka ngati pansi pa bwato.

Lachinayi anaonerera flexor tenotomy. Agogo aamuna, chala chachiwiri chopindika ngati chikhadabo cha nkhuku, nsonga yake ikugunda pansi, kachilonda pansongapo kakhala kakubwerera kwa chaka ngakhale tinayesa timapilo ta silicone. Dokotala analowetsa singano pansi pa chala n'kudula mtsempha wopinda, chala chinawongoka pompo, nsonga inasiya kuloza pansi. Mnyamata uja wa tourniquet anati aphunzitsi, ndiye kuti apapa apanga zomwe insole imapanga koma ndi singano. Ndinasangalala kwambiri, temu yonse ndakhala ndikudikira kuti wina anene zimenezi ndi pakamwa pake.

Sabata 9

Ku fiyeta yaikulu kukaonerera opaleshoni ya bunion (fupa lotukuka pa tsinde la chala chachikulu chomwe chapendekera kwa zinzake), anthu atatuatatu. Iwowa sadula fupa pa mulingo uno, zimenezo zimafuna zaka zina zambiri za maphunziro, koma adzakhala akutumiza odwala ndi kuwalandira akachoka kumeneko nde ayenera kudziwa zomwe zimachitika. Tisanapite tinayeza ma angle pa ekisire yojambulidwa munthu ataimirira, hallux valgus angle yabwino ili pansi pa madigiri 15, ya pakati pa metatarsal yoyamba ndi yachiwiri pansi pa 9. Pa njira zochitira opaleshoniyi anaona chevron imodzi ndi scarf imodzi yophatikiza ndi Akin, Lapidus tinangokambirana. M'modzi anachita chizungulire macheka atayamba kulira, anakhala pansi, kenako anabwerera yekha.

Pobwerera ndinawafunsa funso limodzi, metatarsal yoyamba ikafupika kapena ikakwera pang'ono pambuyo pa opaleshoni, katundu wake apita kuti. Mtsikana wina anayankha asanaganize n'komwe kuti pa yachiwiri, ndipo pakatha miyezi padzamera khungu lokhuthala pamenepo. Zoona. Ndipo munthu ameneyo adzabwera kwa iwo kufuna insole. Ndawauzanso kuti asamanamize odwala kuti insole kapena kachipangizo kovala usiku kawongola bunion, zimachepetsa ululu, nsapato yotakata kutsogolo imathandiza kwambiri, koma fupa lomwe lapendekera silibwerera ndi mphira.

Sabata 10

Sabata yoona odwala akale. Mnyamata wa mpira uja chala chauma, chinatenga pafupifupi masabata 5 chikutuluka timadzi monga phenol amachitira, mayi ake anaimba kawiri kuda nkhawa kuti mwina ndi mafinya koma sichinali chofiira kapena kutentha. Wophunzira wake anaona kuti nsapato zake za mpira ndi zothina kutsogolo ndipo chala chachikulu chimagubuduzikira mkati akamathamanga, nde wamulangiza saizi ina n'kumuikira kainsole kopyapyala, zonsezi sindinamuuze ine. Mayi a chidendene akuvala insole tsiku lonse, ululu wa m'mawa wachepa koma sunathe, tiwaonanso pakatha masabata 4. Bambo oyendetsa galimoto chilonda chachepa pang'ono chabe, ndipo pansi pa nsapato yapadera ija ndi poyera kwambiri moti zikuonetsa kuti savala kawirikawiri, wophunzira wawo ndi amene anatembenuza nsapatoyo n'kundionetsa. Akhala nawo pansi Lachiwiri kukambirananso za cast, ine ndidzangokhala pambali.

Zomwe sizinayende: ophunzira 3 sanafikebe nambala ya opaleshoni zomwe amayenera kuchita chifukwa cha sabata ya autoclave ija, nde ndawonjezera kiliniki Lachisanu masana kawiri. Njerewere za pansi pa phazi sitinazikhudze n'komwe, ndipo ambiri akusokonezabe njerewere ndi corn (kakhungu kolimba kobwera chifukwa chopanikizika), ngakhale ndinawauza kuti njerewere imapweteka ukaitsina m'mbali ndipo mizere ya khungu imaizungulira, pomwe corn imapweteka ukaikanikiza pamwamba. Medial heel skive ya Kirby, njira yopalira chikombole cha insole chamkati mwa chidendene, ndangoifotokoza pa bolodi, palibe waipanga ndi manja. Zolemba mu mafayilo zikadali zosakwanira, ena akuiwala kulemba nambala ya botolo la lidocaine ndi nthawi ya tourniquet.

Mayeso a manja ali sabata 12. Ndasintha siteshoni imodzi, m'malo mowapatsa chala cha mphira kuti adule, adzapeza fayilo ya wodwala wa chikhadabo chobaya yemwe ABPI yake ndi 0.6, zida zonse zili pa thireyi zokonzeka, ndi nsapato yake pansi pa mpando. Mawa ndikuyenera kupeza nsapato yakale yodyeka bwino yoti ndikaike pamenepo, komanso kuitanitsa felt ina poti yatsala mapepala awiri okha.